Za Sitolo Kapena za Panyumba—Kodi Malire Ali Pati?

MADZULO alionse, pamene malole a simenti akutsika kuchokera ku Wazo Hill ndi kuloŵa mumsewu wa ku Bagamoyo, eni masitolo a ku Tegeta amayamba kuŵerenga ndalama za tsikulo. Tegeta ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20 kumpoto kwa pakati pa mzinda wa Dar es Salaam. Chiyambire 1966, pamene fakitale ya simenti inayamba kugwira ntchito paphiripo, malowo akula kufikira kukhala tauni yodzaza ndi ogulitsa malata, misomali, mpunga, mafuta ophikira ndi zovala. Masitolo ambiri angokhala zipinda zomangidwa kumaso kwa nyumba, zimene anthu akumeneko amazitcha fremu. Chitseko chakumaso chimapenya kumsewu. Chakumbuyo chimatulukira pabwalo pamene mphika uli pamoto.

Pakati pa zitseko ziŵirizo pamadutsa zinthu zambiri tsiku ndi tsiku, monga kapu ya shuga kapena ndalama ya basi ya mwana wasukulu. Ndiyeno pali zinthu zina zimene sizidutsa nkomwe, pakuti zimatumikira mbali zonse ziŵiri panthaŵi imodzimodziyo: foni imodzi, mita imodzi ya magetsi, firiji imodzi mmene muli zakumwa zogulitsa limodzi ndi nsomba za ndiwo za maŵa. Msonkho wa bizinesi umaŵerengeredwa paphindu, ndiko kuti, pandalama zotsala munthu atachotsa zimene wawonongera bizinesiyo. Chotero chinthu chilichonse cholembedwa monga chowonongedwa cha sitolo chimachepetsa msonkho. Nangano foni, mita ndi firiji zilembedwe kuti? Funsolo lingaoneke kukhala la akatswiri oŵerengera ndalama okha. Komabe, munthu amene amaliyankha kaŵirikaŵiri ndiye mwini sitolo, ali yekha, ndipo yankho lake limaloŵa kapena kutuluka m'thumba lake lomwe.

Khadi Limene Silitha

Vutoli limaoneka bwino koposa m'chinthu china chofala kutali ndi Tegeta. Mu 1976, mumzinda wa San Diego ku United States, wamalonda wina wotchedwa Sol Price anatsegula sitolo yaikulu yoodetsa katundu, Price Club, m'chinyumba chimene kale chinali chosungiramo ndege. Munthu sanali kuloŵamo popanda khadi la umembala lolipiriridwa chaka ndi chaka, ndipo poyamba makhadiwo anali a eni mabizinesi aang'ono okha. Posapita nthaŵi eni sitoloyo anaona kuti malonda akayenda bwinopo ngati enanso aloledwa, motero analola magulu ena a anthu osakhala amalonda. Mu 1993 Price Club inaphatikana ndi Costco, ndipo mu September 2024 khadi wamba la Costco ku United States linakwera mtengo kufika pa madola 65 pachaka.

Chotero mwini kalesitilanti amakankha ngolo imodzi m'sitolo yoteroyo, mmene muli zigubu za mafuta ophikira a malonda ake ndi mateŵera a khanda lake. Mafutawo ndi mateŵerawo savuta. Amalembedwa pamizera yosiyana palisiti, ndipo cholembera chingawalekanitse. Koma bwanji ponena za khadilo? Ilo silidyedwa ndipo silitha. Lili ngati kiyi wa chitseko, ndipo mtengo wake ngumodzimodzi kaya munthuyo aloŵe kamodzi kapena nthaŵi 100.

Mwini lesitilantiyo angalingalire motere: ‘Bizinesi yanga ikanafunikirabe khadi limeneli ngakhale ndikanakhala wopanda banja. Banja langa silinawonjezere ngakhale senti imodzi pamtengo wake. Chotero khadi lonse nlabizinesi.’ Kulingalirako kukumveka kwanzeru, ndipo palibe bodza lililonse m'mawuwo. Koma tatembenuzani mawu omwewo: ‘Banja langa likanagulabe khadi limeneli ngakhale ndikanakhala wopanda bizinesi. Bizinesi sinawonjezere ngakhale senti imodzi pamtengo wake. Chotero palibe chimene ndingachotse.’ Kwa anthu ambiri mawu achiŵiriŵa ngoona mofanana ndi oyambawo. Chikhalirechobe, nkosoŵa kumva munthu akuwanena pamene akudzaza mapepala ake a msonkho. Kodi nchifukwa ninji mwa zifukwa ziŵiri zolemera mofanana, maganizo a munthu amangofikira chimene chikumsiyira ndalama?

Ku Tegeta khadi limeneli limabwera m'maonekedwe ena. Tayerekezerani mayi wa golosale ya pafupi ndi Tegeta Nyuki amene wapita kukaoda katundu ku Kariakoo, kumsika kumene amalonda ochokera ku Malaŵi, Zambia ndi Congo nawonso amapikulako zinthu. Iye akuchita hayala galimoto pamtengo wa mashilingi 40,000 kuti imfikitsire katunduyo pafremu yake. Pamwamba pa makatoni akuikapo thumba la mpunga wodya kunyumba. Dalaivala sakuwonjezera mtengo. Kodi mashilingi 40,000 onsewo ngasitolo?

Zimene Lamulo Limanena

Lamulo la Tanzania la 2004 la msonkho wa ndalama zimene munthu amapeza limalankhula mosabisa m'chigawo 11. Limalola kuchotsa ndalama zimene zawonongedwa kotheratu, ndiponso pachifuno chimenecho chokha, popezera ndalama za bizinesi. Limakaniza kuchotsa zimene munthu wawononga podzisamalira iye mwini, banja lake kapena nyumba yake. Muyezo umenewu ngwakalekale. Unalimo kale m'lamulo la msonkho la Britain la 1842, m'masiku a nduna yaikulu Robert Peel, ndipo unafika m'maiko ambiri a mu Africa m'mabuku a atsamunda. Malamulo a msonkho a Malaŵi alinso ndi mawu ofanana nawo.

Mmene muyezowo ungakhalire wakuthwa zinaoneka pamlandu wina wotchuka wa ku England. Ann Mallalieu anali loya woimira anthu m'mabwalo amilandu, ndipo mwambo wa ntchito yake unafuna kuti avale zovala zakuda ndi malaya oyera pooneka pamaso pa woweruza. Iye ananena kuti payekha anali kukonda zovala za mitundu yoŵala, ndi kuti zakudazo anagulira ntchito basi. Motero anafuna kuchotsa mapaundi oposa 500 amene anawononga pogula ndi pochapitsa zovalazo. Palibe amene anamnena kuti akunama. Kunavomerezedwa kuti pogula zovalazo sanali kulingalira konse za kufunda kapena za kubisa thupi. Iye anapambana m'mabwalo aŵiri. Koma mu 1983 bwalo lapamwamba koposa la panthaŵiyo, la House of Lords, linagamula momtsutsa, oweruza anayi kwa mmodzi. Lord Brightman anafotokoza kuti chifuno cha munthu sichithera pa zimene zinali m'maganizo mwake panthaŵi yogula. Zovalazo zinamfunditsa ndi kumveka monga munthu, kaya iye analingalira zimenezo kapena ayi, ndipo chimenecho chinali chifuno chachiŵiri. Zovala zapadera za ntchito, monga yunifomu ya namwino, zikanakhala nkhani ina.

Chigamulo chimenecho chili ndi phunziro loposa la msonkho. Munthu angakhale woona mtima kotheratu ponena za zimene anali kulingalira, komabe nkukhala wolakwa ponena za zimene anali kuchita. Mayi wa ku Tegeta uja angalumbire kuti popita ku Kariakoo anali kuganiza za sitolo yokha, ndi kuti mpungawo anangoukumbukira atafika. Mwinamwake nzoona. Koma ngati mpunga umakumbukiridwa paulendo uliwonse, ndipo nchifukwa chake palibe wa m'nyumbamo amene wapitapo kumsika wina kukaugula chaka chonse, pamenepo galimotoyo ikutumikira mphikanso.

Kunena zoona, muyezowo ukatsatiridwa mouma ungakhale wankhanza. Mu 1975 bwalo lina la ku England linakaniza kalipentala wina wodzilemba yekha ntchito kuchotsa ndalama zowonjezereka zimene anali kuwononga pogula chakudya chamasana pamene anali kugwira ntchito kutali ndi kwawo, pachifukwa chakuti munthu amadya kuti akhale ndi moyo. Pambuyo pake, lamulo la Britain la 2005 linalemba poyera kuti ngati mbali yakutiyakuti ya ndalama zowonongedwa ingadziŵike kukhala ya malonda okha, mbali imeneyo ingachotsedwe. Okhometsa msonkho a ku United States nawonso akhala akulangiza kuti chinthu chotumikira bizinesi ndi banja chigaŵidwe paŵiri. Komatu kuuza munthu kuti agaŵe nkosavuta. Malamulo ameneŵa sapereka mpeni wodulira khadi.

Pamene Boma Lisankha Kusasuzumira

Bungwe lotolera misonkho la Tanzania Revenue Authority, limene linayamba ntchito mu July 1996, limadziŵa kuti silingaime pachitseko chakumbuyo cha fremu iliyonse. Chotero amalonda aang'ono ali ndi dongosolo lawolawo, limene msonkho umaŵerengeredwa pa ndalama zonse zimene agulitsa, popanda kufunsa zimene awononga. Mu 2019 malire a dongosololi anakwezedwa kuchoka pa mashilingi 20 miliyoni kufika pa 100 miliyoni pachaka, ndipo ogulitsa zosapitirira 4 miliyoni anasiyidwa osakhoma kanthu. Kwa munthu wa m'dongosolo limeneli, kulemba foni kapena firiji monga za sitolo sikuchepetsa msonkho ndi shilingi ndi imodzi yomwe.

Kodi pamenepo nkhani yatha? Kutalitali. Sitolo ya simenti ndi malata sichedwa kupitirira mashilingi 100 miliyoni pachaka, ndipo ikatero mwini wake amafunikira mabuku athunthu. Zizoloŵezi zimene anaphunzira sitolo ili yaing'ono amaloŵa nazo m'mabukuwo. Ndiponso boma sindilo lokha limene lili ndi chonena pa ndalama za m'kabati. Pali mlongo amene anatumiza mpamba ndipo akuyembekezera gawo la phindu. Pali gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama limene linakhulupirira mawu a mayiyo akuti malonda akuyenda. Ngati mlongoyo auzidwa kuti mwezi uno phindu lachepa chifukwa cha mayendedwe ndi magetsi, pamene mbali ya mayendedwewo inanyamula mpunga wa kunyumba, iye walipirira chakudya chimene sanadye.

Ndiyeno pali mwini sitoloyo. Anthu akale anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Golosale zambiri zimagwa popanda wakuba aliyense wochokera kunja, eni ake akumadabwa kumene mpamba wapita. Luca Pacioli, amene mu 1494 anafalitsa ku Venice malongosoledwe oyamba osindikizidwa a kasungidwe ka mabuku a malonda ka mbali ziŵiri, analangiza wamalonda kukhala ndi akaunti yapadera ya zowonongedwa za panyumba, zonga tirigu, vinyo, nkhuni, mafuta ndi nsapato. Msonkho wamakono wa phindu unali usanakhaleko. Cholinga chake chinali chakuti wamalondayo adziŵe ngati akupindula kapena akutaya.

Zotsutsa Ziŵiri Zofunika Kuzimva

Wina angatsutse kuti kulekanitsa sitolo ndi banja ndiko lingaliro lochokera kwina, losayenerera malo monga Tegeta. Kodi sitoloyo sinatsegulidwe kuti idyetse banja? Kodi si mwana wa m'nyumbamo amene amagulitsa akaŵeruka kusukulu, popanda malipiro? Kodi fremuyo imalipira lendi kwa nyumba imene yaitsamira? Mfundo imeneyi njamphamvu, ndipo siyenera kukankhidwira pambali. Koma taonani kumene ikutsogolera. Ngati banja limathandiza sitolo mwanjira zimenezi, pamenepo kugaŵa koona mtima kungasonyeze kuti nthaŵi zina sitolo ndiyo ili ndi ngongole kwa banja. Ngati firiji imazizira usiku wonse makamaka kaamba ka zakumwa zogulitsa, koma mwini wake, chifukwa cha mantha kapena ulesi, salemba kanthu pa magetsi amene amagula pamita ya LUKU ya nyumbayo, iye adzakhoma msonkho paphindu limene sanapeze. Palibe ukoma uliwonse m'kutaya chimene lamulo lampatsa. Malire oikidwa bwino amatetezera mbali zonse ziŵiri, ndipo ndicho chifukwa chake munthu wofuna malire pamene akumpindulitsa sangawakane pamene akumdyera.

Chotsutsa chachiŵiri nchoŵaŵa kwambiri, ndipo dzina la Tegeta lenilenilo limachikumbutsa. M'deralo munamangidwa malo opangira magetsi a kampani ya Independent Power Tanzania Limited. Pamene kampaniyo inakangana ndi bungwe la boma la magetsi la TANESCO ponena za malipiro, akaunti yapadera inatsegulidwa ku Bank of Tanzania mu 2006 yosungiramo ndalama zokanganiranazo kufikira mlandu utatha. Mu 2013 madola oposa 100 miliyoni anatulutsidwamo. Nkhaniyo itafika m'Nyumba ya Malamulo mu November 2014, dziko lonse linagwedezeka. Mu December loya wamkulu wa boma anatula pansi udindo ndipo nduna ina inachotsedwa ntchito, ndiyeno mu January 2015 nduna ya zamagetsi inatula pansi nayonso. Chotero wogulitsa misomali amene ankamva injini za kampaniyo zikulira angafunse kuti: ‘Ngati akuluakulu amasuntha mamiliyoni motero, kodi ine ndivutikirenji ndi mashilingi 2,000 a thumba la mpunga?’

Mkwiyo umenewo ngwomveka. Amalonda ali ndi madandaulo enieni ponena za misonkho ndi kakhometsedwe kake, ndipo mu May 2023 ndiponso mu June 2024 a ku Kariakoo anatseka masitolo awo kuti boma liwamve. Koma kutseka sitolo kumachitika poyera. Wotsekayo amataya malonda a tsikulo, dzina lake limadziŵika, ndipo uthenga wake umafika kwa olamulira. Kulemba mpunga wa kunyumba monga katundu wa sitolo kumachitika mobisa, ndipo palibe nduna imene imamva kupweteka kwake. Amene amasenza mtolowo ndiye mphunzitsi kapena namwino amene msonkho wake umadulidwa pamalipiro asanawaone nkomwe, ndiponso sitolo yoyandikana nayo imene imalemba zoona ndi kugulitsa pamtengo umodzimodziwo.

Ndiponso nkoyenera kukumbukira chimene chinali pakati penipeni pa mkangano wa akaunti ija. Funso lalikulu linali lakuti: Kodi ndalamazo zinali za boma kapena za kampani? Anthu amene anakwiya mu 2014 anakwiya chifukwa anakhulupirira kuti pali malire pakati pa za anthu onse ndi za munthu mmodzi, ndi kuti wopindula ndi yankho sayenera kukhala yekha woliyankha. Nkovuta kukhulupirira zimenezo ponena za banki yaikulu ndi kuzikana ponena za kabati ya m'sitolo.

Wothyola Ndiye Wosankhanso

Ngakhale kuli tero, vuto loyamba lija lidakalipo. Kodi gawo loyenera nlotani? Tabwererani kugalimoto ya mashilingi 40,000. Tayerekezerani kuti katundu wa sitolo anagulidwa pamtengo wa mashilingi 1,900,000 ndipo mpunga pa 100,000. Kugaŵa malinga ndi mtengo kukupatsa nyumba 5 peresenti ya ulendowo, ndiko kuti mashilingi 2,000. Koma ngati mpungawo ukulemera makilogalamu 50 ndipo katundu yense pamodzi akulemera 250, kugaŵa malinga ndi kulemera kukupatsa nyumba mashilingi 8,000. Ndipo ngati funso nlakuti kaya ulendowo ukanachitika popanda mpunga, yankho lingapatse nyumba ziro. Njira zitatu zonsezo zili ndi chifukwa chake. Akatswiri oŵerengera ndalama eniwo amavomereza kuti palibe njira imodzi yokha yolondola yogaŵira mtengo wa chinthu chotumikira ntchito ziŵiri panthaŵi imodzi.

Ena amatenga zimenezi monga chilolezo. Amati popeza palibe nambala yeniyeni, nambala iliyonse njabwino. Koma zimenezo nzosiyana ndi zimene ngakhale ana amadziŵa. Ana aŵiri akamagaŵana nzimbe, palibe amene amakhala ndi chopimira, komabe amadziŵa chochita: wothyola amalola mnzake kuyamba kusankha. Wothyolayo, posadziŵa chidutswa chimene chidzamgwera, amayesetsa kuthyola pakati. Tsoka la wokhoma msonkho nlakuti iye ndiye wothyola ndiponso wosankha, ndipo mnzake palibe. Chotero ngati akufuna kukhala wolungama, ayenera kudzimanga yekha pasadakhale. Asankhe njira yogaŵira asanaone chimene njira iliyonse idzampatsa. Aisunge mwezi ndi mwezi, osati kusinthira ku ina pamene yoyambayo yayamba kumdyera. Ndipo ikhale njira imene angaifotokoze ndi mawu amodzimodziwo kwa wokhometsa msonkho, kwa mlongo wake wopereka mpamba, ndi kwa mwamuna kapena mkazi wake, popanda kusintha nkhope.

Kwa mwini khadi la madola 65, zimenezi zingatanthauze kulipira katundu wa lesitilanti ndi wa kunyumba pamalisiti aŵiri, ndiyeno pakutha pa chaka kugaŵa mtengo wa khadilo malinga ndi mmene malisitiwo akusonyezera. Ngati 70 peresenti ya zogula inali ya lesitilanti, akuchotsa madola 45.50, ndipo otsalawo akulipira m'thumba lake. Ku Tegeta ena amadula vutolo pamuzu pomwe. Amaikitsa mita yachiŵiri ya magetsi, amasunga nambala ina ya foni yolandirira malipiro a makasitomala, ndipo amapachika kope pamsomali pafupi ndi chitseko chakumbuyo kuti aliyense wotenga shuga alembe. Lamulo la Tanzania la kayendetsedwe ka misonkho la 2015 limafuna kuti zikalata za msonkho zisungidwe kwa zaka zisanu, ndipo palibe munthu amene angakumbukire pamutu, zaka zisanu zitapita, chimene chinali pamwamba pa makatoni tsiku lakutilakuti.

Tayerekezerani kuti mayi uja wasankha muyezo wa kulemera, popeza galimoto amailipirira kunyamula. Kwa miyezi ingapo akulemba mashilingi 32,000 kusitolo ndi 8,000 kunyumba. Ndiyeno kukubwera ukwati wa mphwake, ndipo paulendo wotsatira akukweza matumba aŵiri a mpunga m'malo mwa limodzi. Katundu yense tsopano akulemera makilogalamu 300, ndipo 100 mwa ameneŵa ngakunyumba. Muyezo wake ukunena kuti nyumba ilipire mashilingi oposa 13,000. Muyezo wa mtengo, umene anaukana poyamba, ukanafuna osafika 4,000. Madzulo amenewo akukhala pansi ndi kope lake, chitseko chakumaso chitatsekedwa, ndipo munthu yekha amene anaona matumba aŵiriwo ndiye dalaivala, amene wabwerera kale ku Kariakoo.